Nkhunda Yoyera ya m'Chipululu: Kodi Chithunzi Ndi Mboni Yokwanira?

Makilomita pafupifupi 16 kummwera kwa mzinda wa Tucson, m'chigawo cha Arizona ku America, kuli tchalitchi cha mishoni ya San Xavier del Bac, chimene anthu amachitcha Nkhunda Yoyera ya m'Chipululu. Alendo ambiri amabwerako ndi chithunzi chofanana: makoma oyera mbee, khomo lofiirira lokongoletsedwa, nsanja ziwiri, ina yosamalizidwa pamwamba, ndi thambo kumbuyo kwake. Mmodzi mwa amene anatchukitsa malowa ndi katswiri wojambula Ansel Adams, yemwe mu 1954 anatulutsa buku la zithunzi zake pamodzi ndi mlembi Nancy Newhall. Kukongola kwa zithunzi zotere sitikukutsutsa. Funso lathu ndi la ophunzira mbiri: chithunzi chikaima ngati mboni, umboni wake tiulandire mpaka pati?

Pa malamulo a umboni tinaphunzira kuti mboni itha kunena zoona zokhazokha koma n'kusocheretsa woweruza chifukwa cha zimene yasiya. Chithunzi cha alendo chimasiya eni nthaka. Dzina loti Bac likuchokera ku Wa:k, mudzi wa anthu a mtundu wa O'odham amene ankalima pothirira ndi madzi a mtsinje wa Santa Cruz Asipanishi asanafike. Wansembe Eusebio Kino wa chipani cha Jesuit anafika pamudzipo mu 1692. Mu 1751 a O'odham ambiri m'deralo anaukira ulamuliro wa Asipanishi ndi mamishoni awo. Mfumu ya Spain itathamangitsa a Jesuit mu 1767, malowa anapita m'manja mwa a Franciscan, amene anamangitsa tchalitchi chilipochi kuyambira 1783 mpaka 1797. Oumba njerwa ndi osenza miyala anali a O'odham. Ansembe atachoka m'zaka zotsatira ufulu wa Mexico wa 1821, amene anasunga nyumbayi kuti isaonongeke anali iwo omwewo. Wojambula akadikira kuti anthu ayambe achoka patsogolo pa kamera, ndiye kuti wachotsa zidzukulu za omangawo.

Chachiwiri, chithunzi chimatipangitsa kuganiza kuti tikuona nyumba monga inalili mu 1797. Si choncho. Chivomerezi cha 1887 chinaiononga, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 Bishopu Henry Granjon anaikonza n'kuonjezera zina. Pambuyo pake makoma anapakidwa simenti, imene inkatsekera chinyezi m'kati mwa njerwa n'kumazifumbutsa. Bungwe la Patronato San Xavier, lokhazikitsidwa mu 1978, lakhala likuchotsa simentiyo n'kubwerera ku njereza yosakaniza ndi mchenga ndi madzi oterera a chomera chaminga chotchedwa nopal. Kuyera kumene timasirira ndi thukuta la mibadwo ingapo, ndipo kamera siitchula m'badwo ngakhale umodzi.

Chachitatu chikukhudza ifeyo. Mabuku a alendo amakonda kunena kuti nyumbayi ili ndi kamangidwe ka Asilamu a ku Andalus, ndipo Msilamu akaona denga lake lozungulira ngati la mzikiti, mtima umafulumira kunena kuti izi n'zathu. Mbali ina pali choonadi. Amisiri a ku Spain anatengera zambiri kwa Asilamu, mwa kamangidwe kotchedwa Mudéjar, ndipo mawu amene amamvekabe m'chipululu chimenechi, monga adobe, njerwa zadothi, ndi acequia, ngalande yothirira, anachokera ku Chiarabu: at-tub ndi as-saqiya. Koma tiwerenge zaka. Granada inagwa mu 1492. Mu 1501 mafumu a Spain analamula kuti Asilamu ndi ongotembenuka kumene asaloledwe kupita ku maiko atsopanowo. A Morisco, zidzukulu za Asilamu obatizidwa mokakamizidwa, anathamangitsidwa ku Spain kuyambira 1609 mpaka 1614, zaka pafupifupi 170 maziko a tchalitchichi asanakumbidwe. Luso linaoloka nyanja, eni ake ataletsedwa. Komanso khomo lake ndi zokongoletsa za m'kati ndi za mtundu wa Baroque wa ku Mexico. Kutcha nyumbayi chipilala cha Chisilamu n'kukokomeza, ndipo kungakhale kuwalanda a O'odham kachiwiri, ulendo uno ndi manja athu.

Chigamulo chathu n'chakuti chithunzi chotchukachi ndi mboni yoona pa maonekedwe, koma yofooka pa mbiri. Monga momwe sitilandirira nkhani tisanafufuze amene anailandizana, chithunzinso tizichifunsa: wajambula ndani, liti, ataima pati, ndipo wasiya chiyani kunja?

Wokafika kumeneko akumbukire kuti tchalitchichi chili pa nthaka ya a Tohono O'odham ndipo anthu amapempheramo mpaka lero. Mlendo salowa m'nyumba ya eni ngati mumsika: apemphe chilolezo asanajambule munthu, ndipo opemphera awasiye mumtendere. Akatha kujambula nsanja, atembenuke ajambulenso mudzi, minda ndi khwawa la Santa Cruz, limene linasiya kuyenda chaka chonse chifukwa cha kupopa madzi a pansi pa nthaka. Pansi pa chithunzi chilichonse alembe chaka ndi dzina loti Wa:k.