Chitimbe, Mphandula ndi Mabuku Athu a Mayina a Zomera

Buku la Blodwen Binns lotchedwa Dictionary of Plant Names in Malawi, lomwe lidasindikizidwa ku Zomba m'chaka cha 1972, ndi limodzi mwa mabuku amene omasulira ndi alangizi a zankhalango amathamangirako akafuna dzina la chomera m'Chichewa. Mnzake ndi la Jessie Williamson, Useful Plants of Nyasaland, la 1955, limene lidakonzedwanso mu 1975 n'kutchedwa Useful Plants of Malawi. Mabukuwa adasunga mayina ochuluka amene bwenzi pano ataiwalika. Komabe wofuna kudziwa ngati chitsamba chimene chili pamaso pake ndi ichi kapena icho sapeza thandizo lokwanira pa mndandanda wa mayina, ndipo ife okonza mawu tidatengera chofooka chomwechi m'matanthauzo athu. Nkhani ino ionetsa vutoli pogwiritsa ntchito zomera za masamba ogawika pawiri ngati phazi la ng'ombe.

Munthu woyenda m'misewu ya ku Area 14 ndi madera oyandikana nayo mu Lilongwe amakumana ndi zomera zotere zingapo. Anthu ambiri a m'tauni amangozitchula zonse kuti chitimbe. Chitimbe chenicheni ndi mtengo wa m'chigwa cha Lilongwe, umene akatswiri amautcha Piliostigma thonningii, ndipo ena amati msekese. Masamba ake ndi aakulu, ochindikala ngati chikopa, okhala ndi ubweya wofiirira kunsi kwake. Maluwa ake ndi aang'ono, osakopa maso, ndipo aamuna ndi aakazi amakhala pa mitengo yosiyana. Zitheba zake ndi zokhuthala, zolimba, sizing'ambika zokha. Zimagwa pansi zathunthu, ng'ombe n'kumazidya m'chilimwe.

Chitsamba cha mphandula, Bauhinia petersiana, n'chosiyana pa zonsezi kupatula kagawikidwe ka tsamba. Chimamera m'tchire, makamaka m'nkhalango za miombo, nthawi zina choyima chokha, nthawi zina chotsamira pa mitengo ina. Masamba ake ndi ocheperapo ndi opyapyala. Mvula ikamayandikira chimachita maluwa aakulu oyera, okhala ndi timasamba titalititali tokwinyika m'mbali, amene munthu angawaone ali patali. Zitheba zake zikauma zimang'ambika mwamphamvu, n'kupotana, njere n'kumwazikira kutali. Aliyense amene adamvapo kuthetheka kwake dzuwa likuswa mtengo sangasokoneze chitsambachi ndi chitimbe.

Pamwamba pa ziwirizi pali zobwera. Lilongwe atasanduka likulu mu 1975, m'mabwalo a nyumba za m'madera ngati Area 14 mudadzalidwa zomera zokongoletsa zochokera kunja. Mwa izo muli Bauhinia variegata wa ku India, mtengo wochita maluwa ofiirira kapena oyera m'chilimwe masamba atayoyoka, ndi Bauhinia galpinii wa maluwa ofiira ngati njerwa, amene amayanga pa mipanda. Mwana wokulira m'madera amenewa amadziwa zobwerazi kuposa za kutchire, ndipo akauzidwa kuti tsamba logawika pawiri ndi chitimbe, dzinalo amalipereka kwa mtengo wa ku India.

Chochititsa chidwi n'chakuti makolo athu adasiyanitsa chitimbe ndi mphandula akatswiri a ku Ulaya asadatero. Linnaeus adapatsa gulu lonseli dzina la Bauhinia pokumbukira abale awiri a ku Switzerland, Johann ndi Gaspard Bauhin, poti tsamba lili ndi mbali ziwiri zofanana. Chitimbe chidalembedwa m'gulu lomweli monga Bauhinia thonningii mu 1827, ndipo mpaka mu 1947 m'pamene Milne-Redhead adachisamutsira ku Piliostigma. Dzina lachiwiri la mphandula likukumbutsa Wilhelm Peters, Mjeremani amene adasonkhanitsa zomera ndi nyama ku Mozambique, kuphatikizapo chigwa cha Zambezi, m'zaka za m'ma 1840. Tsono si zoona, monga ena amaganizira, kuti mayina a Chichewa ndi osalongosoka ndipo a Chilatini okha ndiwo odalirika. Pano Chilatini ndicho chidachedwa.

Nanga cholakwika chili pati? Choyamba chili pa kalembedwe. M'mabuku ndi m'malipoti a zankhalango dzinali limaoneka pena mpandula, pena mphandula. Osonkhanitsa mayina akale ambiri adali alendo amene makutu awo sadali kugwira mpweya wotsatira p, t ndi k, ndipo buku la Binns lidatuluka malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1973 asadabwere. Sitingawadzudzule pa ichi. Odzudzulidwa ndife amene timakopera kalembedwe kakaleko ngakhale malamulowo adaunikidwanso mu 1980 ndi mu 1990. Chilembo cha h si chokongoletsa: mpanda ndi wotchingira nyumba, mphanda ndi mtengo wa nthambi ziwiri wochirikizira nkhokwe. Dzina la chomera liyenera kulembedwa monga eni ake amalitchulira, pamodzi ndi kuchulukitsa kwake ndi mgwirizano wake, zinthu zimene mndandanda wa mayina suonetsa.

Chachiwiri, chomwe ndi chachikulu, chili pa tanthauzo. Tidazolowera kulemba kuti “mtundu wa mtengo” kapena “mtundu wa chitsamba” n'kulekera pomwepo. Tanthauzo lotere likuyenera chitimbe, mphandula, msuku ndi mkuyu mofanana, choncho silitanthauza kanthu. Kuwonjezerapo dzina la Chilatini sikuthandiza mphunzitsi wa ku pulayimale amene alibe buku loti akafufuzemo dzinalo. Tanthauzo labwino la chomera liyenera kutchula chizindikiro chimodzi kapena ziwiri zochisiyanitsa ndi m'bale wake wapafupi. Pa mphandula tingalembe kuti: chitsamba cha m'tchire cha masamba ogawika pawiri ngati a chitimbe koma ocheperapo, cha maluwa aakulu oyera ndi zitheba zong'ambika zokha. Mzere umodzi wokha, koma mwana atha kupita nawo kutchire n'kubwera ndi nthambi yoyenera. Nkhaniyi si ya m'kalasi mokha: makungwa a chitimbe anthu amachitira mankhwala a chifuwa, ndipo wotumidwa kukasenda ayenera kudziwa mtengo umene akuusenda.

Mawu akuti mtundu nawonso tawasenzetsa katundu wambiri. Timawagwiritsa ntchito pa gulu lonse la zomera zobala zitheba, pa gulu la Bauhinia, pa mphandula payekha, ngakhalenso pa maonekedwe a duwa. Maganizo anga ndi akuti gulu lalikulu tizilitcha banja, gulu ngati Bauhinia likhale fuko, ndipo mtundu utsalire chomera chimodzi. Tikatero tingathe kunena m'Chichewa chomveka kuti chitimbe ndi mphandula ndi a banja limodzi koma mafuko awiri, pamene mphandula ndi mtengo wa ku India uja ndi a fuko limodzi koma mitundu iwiri. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lokhazikitsidwa mu 1987, lili ndi zomera zouma zosungidwa ku Zomba ndiponso munda wa zomera ku Lilongwe. Kumeneko n'kumene wokonza tanthauzo angakaike tsamba la chitimbe pambali pa la mphandula asadalembe mzere wake.