Fakitale ya OraSure ku Bethlehem

Kale mzinda wa Bethlehem, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, unkadziwika ndi zitsulo. Ng'anjo za Bethlehem Steel zitazima mu 1995, mabanja ambiri anagwira njakata. Pamalo ena pomwe panali kampaniyo lero pali OraSure Technologies, yomwe inabadwa mu 2000 makampani a STC Technologies ndi Epitope ataphatikizana.

Nditamande anthu ogwira ntchito mmenemo. Kachipangizo kawo ka OraQuick n'kopepuka ngati supuni ya tiyi, koma kamafuna dzanja losamala, chifukwa mzere umodzi ukanama, munthu amapita kwawo ndi uthenga wolakwika. Umangokapititsa m'nkhama, n'kukaviika m'kabotolo ka mankhwala, ndipo pakatha mphindi 20 umaona ngati thupi lili ndi zizindikiro za HIV. Palibe jakisoni, palibe magazi.

Boma la America linalola anthu kukagwiritsa ntchito kunyumba mu 2012. Pulojekiti ya STAR yolimbikitsa kudziyeza HIV, yomwe inayamba mu 2015, inakagawa ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo abambo ambiri ozemba chipatala anadziyeza koyamba.

Ntchito za ku OraSure n'zochepa poyerekeza ndi za zitsulo, komabe Bethlehem ayenera kuinyadira fakitaleyi.