Liu Lakuti "Moto" ndi Vuto la Kufanana kwa Mau m'Zinenero

Pali cizolowezi cimene cafala pakati pa aphunzitsi ndi ena olemba za zinenero, ca kusonkhanitsa mau olembedwa mofanana m'zinenero zosiyana ndi kugamula kuti zinenerozo n'zapacibale. M'nkhani ino tifuna kuunika cizolowezi cimeneci pogwiritsa nchito liu limodzi lalifupi, lakuti "moto".

M'Cinyanja, m'Cishona ndi m'Ciswahili, moto ndi uja timaphikira. M'Ciitaliya, "moto" ndi kuyenda kwa cinthu, ndipo liuli linacokera ku "motus" wa Cilatini. M'Cifalansa ndi cidule ca "motocyclette", ndipo ndilo dzina limene anthu a ku Kigali amachulira njinga zonyamula anthu. M'Cijapanizi ndi tsinde kapena ciyambi, monga m'dzina lakuti Yamamoto, tsinde la phiri. Mnyanja amene amati "njinga yamoto" akamva Mfalansa akuti "moto" angaganize kuti wapeza mbale wake, koma mau awiriwa angokumana panjira. Zinenero zambiri zili ndi m, t ndi o, cotero sitiyenera kudabwa zilembo zinai zikagundana mwangozi.

Nkhani imakula tikafika pa Cilingala, cinenero ca Cibantu colankhulidwa ku Kinshasa ndi ku Brazzaville. M'kalembedwe ka tsiku ndi tsiku, "moto" amaimira mau atatu: munthu, mutu, ndi moto wophikira. Wolankhula amawasiyanitsa ndi kukwera kapena kutsika kwa liu. Ponena za munthu, maphatikizo onse awiri amatsika. Ponena za mutu, lomaliza limakwera. Ponena za moto, loyamba ndilo limakwera. Wongoyang'ana zilembo angagwirizanitse mau atatuwa ndi moto wathu, ndipo adzalakwa pawiri. "Moto" wonena za munthu ndi mbale wa "munthu", monga "bato" ali mbale wa "anthu"; wonena za mutu ndi mbale wa "mutu". Umboni wake ndi wakuti kusinthaku kumatsata lamulo: mphatikiram'mbuyo mu- kapena m- wa Cinyanja amakhala mo- m'Cilingala, monga tiona mu "mtima" ndi "motema", "mcira" ndi "mokila". Kutsata malamulo otere ndiko maziko a nchito ya Carl Meinhof ya mu 1899, ndiponso ya mabuku anai a Malcolm Guthrie ochedwa Comparative Bantu, amene anatuluka pakati pa 1967 ndi 1971.

Cizolowezi cija cimasoceretsanso mbali ina, pakuti cimabisa ubale pamene ulipodi. Muno m'Zambia, Atonga ndi Alozi amati "mulilo", Abemba "umulilo". Wofuna mau ofanana angati Cinyanja cili patali ndi zinenerozi. Komatu dzina lakuti "moto" lili pa ubale ndi mneni amene Aswahili amati "kuota", ife "kuotha", ndipo Abemba ali naye mneniyu mu "ukonta". Ubale unabisala mu mneni pamene maina anasiyana.

Mbali ina ya vutoli ili m'kalembedwe kathu komwe. Malamulo a kalembedwe ka zinenero zisanu ndi ziwiri za m'Zambia, amene anasindikizidwa mu 1977, anathandiza kwambiri pa masukulu, koma m'mabuku a ana kukwera ndi kutsika kwa liu sikulembedwa. Mwana amene anazolowera kuona "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika zikulembedwa cimodzimodzi amakula akukhulupirira maso kuposa makutu. Ife tiona kuti mphunzitsi, asanalembe pa bolodi mndandanda wa mau ofanana, ayenera kuyamba wawachula mokweza, kuwagawa m'mphatikiram'mbuyo ndi tsinde, ndi kufunafuna mau ena awiri kapena atatu otsata lamulo lomwelo. Ngati mau otsata lamulolo sapezeka, iye alibe cifukwa couzira ophunzira kuti zinenerozo n'zapacibale.