Chingerezi Chakale Pakamwa pa Womasulira

M'bwalo la milandu ku Karonga, amene amalankhula kwambiri si majisitireti kapena wapolisi woimira boma pa mlandu. Ndi womasulira. Chingerezi cha pa pepala la mlandu amachisandutsa Chinkhonde choti mlimi wa mpunga wa ku Kaporo amve. Chitumbuka cha msodzi wa ku Chilumba amachibweza m'Chingerezi kuti chilembedwe. Akabwera wamalonda wogwidwa pa chipata cha Songwe, Chiswahili nacho chimafunika. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa wozengedwa mlandu ufulu womva zonse m'chiyankhulo chake. Amene amasenza ufuluwo tsiku ndi tsiku ndi munthu ameneyu.

Chingerezi chomwe amalimbana nacho si cha pa wailesi. Buku la milandu ndi zilango, Penal Code, linayamba kugwira ntchito mu 1930, ndipo ngakhale lakonzedwa kangapo, likadasunga mawu amene eni ake anawataya. Kusiyanitsa felony ndi misdemeanour, mlandu waukulu ndi waung'ono, ku England anakuthetsa mu 1967. Kuno mawuwa akadali m'buku.

Ovuta kwenikweni ndi aja ooneka ngati tikuwadziwa. Mwana wa Fomu 2 angakuuzeni kuti utter ndi kulankhula. Koma m'khoti, uttering ndi kupereka chikalata chachinyengo ngati chenicheni. Womasulira waluso sataya nthawi kusaka liwu limodzi lofanana nalo, poti kulibe. Amalimasula ngati mtolo wa nkhuni, n'kuyala chimodzichimodzi: "Bambo, akuti pepalali munalipereka kwa mkulu wa pa chipata, munalipereka ngati lenileni, ndipo mumadziwa kuti ndi labodza." Kachigawo komalizako ndiye mlandu wonse. Akangokaiwala, munthu amene ananamizidwa ndi wina avomera zomwe sanachite.

Housebreaking ndi burglary m'Chichewa zonse ndi kuthyola nyumba, koma yachiwiriyo ndi ya usiku. Apa luso la womasulira ndi kudziletsa. Mboni ikati wakubayo analowa tambala woyamba atalira, iye sasandutsa tambalayo kukhala ola la pa wotchi. Amapereka tambalayo momwe alili, majisitireti afunse yekha ngati kunali kutacha.

Pomwe ndimamugomera kwambiri ndi pa milandu ya ng'ombe. Ku Karonga ng'ombe ndi chuma, ndi malowolo, ndi ngongole za pachibale zimene zimakhala zaka osatha. Lamulo limati munthu waba ngati watenga chinthu mwachinyengo komanso without claim of right, kutanthauza kuti analibe chifukwa chokhulupirira moona mtima kuti chinthucho n'chake. Ndiye taganizani mkulu amene wakatulutsa ng'ombe m'khola la mkamwini wake chifukwa malowolo sanathe. Mukamufunsa kuti "Kodi mukuvomera?" ayankha kuti eya, pakuti kutenga anatengadi, masanasana, mudzi wonse ukuona. Womasulira waphuma anena guilty, nkhani n'kuthera pomwepo. Wodziwa ntchito amadikira kuti mkuluyo amalize, n'kupereka yankho lonse lathunthu: anatenga, ndipo akuti ndi yake. Bwalo likamva choncho limalemba kuti waukana mlandu, mboni ziitanidwe. Womasulirayo sanamuikire kumbuyo mkuluyo, sanawonjezere kalikonse. Wangokana kufupikitsa mawu a munthu.

Zonsezi amachita alibe mpata wotsegula dikishonale. Ndipo nkhope yake siyenera kuonetsa mbali, ngakhale mboni ikunena bodza loonekeratu. Bodzalo amalimasulira mosamala chimodzimodzi.

Pali mawu ena omwe anthu anadzimasulira okha. Rogue and vagabond anachokera ku malamulo a ku England othana ndi oyendayenda, monga lija la 1824, ndipo atafika m'misewu yathu anasanduka vakabu. Womasulira akanena vakabu aliyense ankamva, koma liwulo linkabisa funso lenileni: kodi munthuyu walakwa chiyani poyenda usiku? Funsoli analitengera ku khoti lalikulu ndi Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anagwidwa ku Blantyre akupita ku malonda ake mbandakucha. Mu Januwale 2017 oweruza anagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, lomwe apolisi anamugwirira, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko.