Mabuku awiri a ulendo wa ku Siberia: lina ndi khomo, lina ndi nyumba

Mabuku awiri amene ndikufuna tiwaunike pano akusimba ulendo umodzimodzi, ulendo wa anthu a ku Lithuania amene boma la Stalin linawalonga m'mabogi onyamulira ng'ombe mu Juni 1941 n'kukawataya ku Siberia. Loyamba ndi nkhani yopeka yotchedwa Between Shades of Gray, yolembedwa ndi Ruta Sepetys, ndipo inatuluka mu 2011. Chonde musalisokoneze ndi buku lina lija la dzina lofananako limene ena mumabisa kunsi kwa pilo, n'zosiyana kutalitali. Lachiwiri ndi Shadows on the Tundra, umboni wa Dalia Grinkevičiūtė, amene anakweradi sitimayo ali ndi zaka 14. Anamasulira m'Chingerezi ndi Delija Valiukenas ndipo linatuluka mu 2018. Maganizo anga ndinenerepo poyamba: loyambalo ndi labwino kumupatsa mwana wanu wa ku sekondale, koma munthu wamkulu akalekera pomwepo ndiye kuti waima pakhomo, m'nyumba sanalowe.

Ambiri a ife amene tili kuno ku Britain anthu a ku Lithuania timawadziwa. Anabwera ochuluka dziko lawo litalowa m'bungwe la European Union mu 2004, ndipo timagwira nawo ntchito m'mawodi, m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'mafakitale. Koma kawirikawiri timangowaphatikiza onse kuti ndi azungu a kum'mawa, mwinanso kuwayesa a ku Russia chifukwa ena amalankhula Chirasha. Ukawerenga mabuku awiriwa umamvetsa chifukwa chake munthu nkhope imasintha ukamutchula choncho.

Mbiri yake mwachidule ndi iyi. Pa 23 Ogasiti 1939 nduna za Hitler ndi Stalin, Ribbentrop ndi Molotov, zinasainirana pangano logawana mayiko a pakati pawo. Mu Juni 1940 asilikali a Soviet Union analowa mu Lithuania, Latvia ndi Estonia. Patangotha chaka, m'bandakucha wa pa 14 Juni 1941, apolisi achinsinsi a NKVD anayamba kugogoda m'makomo. Chakudza sichiimba ng'oma. Aphunzitsi, ogwira ntchito m'boma, akuluakulu a asilikali, alimi a minda ikuluikulu, anatengedwa pamodzi ndi mabanja awo. Ku Lithuania kokha anatenga anthu pafupifupi 17,000 m'masiku ochepa, ku Latvia oposa 15,000, ku Estonia pafupifupi 10,000. Pa siteshoni abambo ankawapatula n'kuwatumiza ku ndende zachibalo, amayi ndi ana n'kuwapititsa kwina. Nkhondo itatha zinapitirira, makamaka mu 1948 ndi 1949, moti pofika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anthu pafupifupi 130,000 anali atachotsedwa ku Lithuania. Mpaka lero tsiku la 14 Juni amalisunga ngati tsiku la maliro ndi chiyembekezo.

Sepetys anabadwira ku Detroit ku America, mwana wa bambo amene anathawa ku Lithuania ali wamng'ono. Anapita kwawo kwa makolo ake kukacheza ndi anthu amene anapulumuka, ndipo pa zimene anamvazo anaumba mtsikana wa zaka 15, Lina Vilkas, wa mumzinda wa Kaunas, wokonda kujambula. Lina akutengedwa ndi mayi ake Elena ndi mlongo wake Jonas, kupita kaye ku minda ya ku Altai, kenako ku Trofimovsk, kufupi ndi nyanja ya Laptev, kumene dzuwa limalowa n'kukhala miyezi osatuluka.

Bukuli lili ndi mphamvu zake ndithu, ndisaname. Mitu yake ndi ifupiifupi, ndipo ukayamba sufuna kulisiya. Gawo la m'sitima analigwira bwino: kabowo kamodzi pansi pa bogi kokhala chimbudzi cha anthu onse, mayi wina amene anamutenga ku chipatala atangobereka kumene, khanda lake likufa chifukwa mkaka sukutuluka. Pali pamene mayi a Lina akuwombola Jonas kwa msilikali pomupatsa wotchi ya m'thumba. Mwana wa munthu mtengo wake wotchi! Pamenepo wolemba sanafune kutilongosolera zambiri, anangotionetsa basi, ndipo n'chifukwa chake zimakhala m'mutu. Elena yemweyo ndiye munthu amene analembedwa bwino kuposa onse, mayi wogawira ena chakudya pamene iye mwini akutha.

Koma bukuli lili ndi matenda amene mabuku ambiri olembera achinyamata ali nawo: limaopa kuti wowerenga angathawe. Ndiye pakati pa njala ndi nsabwe analowetsapo chibwenzi cha Lina ndi mnyamata wotchedwa Andrius. Sindikukana kuti anthu amakondana ngakhale pa mavuto, koma apa chikondicho chikugwira ntchito ya shuga wothira mu mankhwala owawa. Analowetsaponso msilikali wachinyamata, Kretzsky, wa mtima wapawiri, kuti tione kuti si onse anali oipa. Ndipo mathero ake ndi othamanga. Dokotala wafika, anthu apulumuka, kenako tikupezeka mu 1995 pamene anthu okumba pansi ku Kaunas akupeza zolemba za Lina zokwiriridwa m'botolo. Nanga zaka zonse zija zimene Lina anakhalabe ku Siberia zapita kuti? Nanga atabwerera kwawo anamulandira bwanji? Ambiri obwerera anapeza nyumba zawo muli eni ena, ntchito akuwakaniza, anansi akuopa kuwapatsa moni. Kumeneko n'kumene kunali nkhani ina yaikulu, ndipo wolemba anangoidumpha.

Tsono botolo limenelo si lopeka ayi. Dalia Grinkevičiūtė anabadwa mu 1927 ku Kaunas, anatengedwa ndi mayi ake ndi mlongo wake, anadutsa ku Altai, ndipo mu 1942 anafika ku Trofimovsk komweko. Bambo ake anafera ku ndende mu 1943. Mu 1949 iye ndi mayi ake, amene anali kudwala, anathawa n'kubwerera ku Kaunas mobisa. Mayiwo anamwalira mu 1950, ndipo poti anali anthu ofunidwa ndi boma, mwanayo anakumba manda m'chipinda chapansi pa nyumba n'kuwaika yekha. Nthawi yobisalayo ndi imene analemba zimene anaona, pa mapepala wamba, n'kuwaika m'botolo lagalasi, n'kukwirira m'dimba la pakhomo. Anamugwiranso n'kumubwezera ku Siberia. Pambuyo pake anaphunzira udokotala, nagwira ntchito m'tauni yaing'ono ya Laukuva kufikira pamene akuluakulu a boma anamuchotsa ntchito mu 1974. Anamwalira mu 1987, botolo lija asanalipeze. Linapezeka mu 1991, dziko litalengeza kale ufulu wake pa 11 Malichi 1990.

Monga namwino, chimene ndimayang'ana m'buku lonena za mavuto ndi thupi la munthu. Kodi wolemba akudziwa mmene thupi limathera? Munthu akakhala mwezi umodzi mpaka itatu osalandira vitamini C amadwala matenda amene m'kalasi tinkawatchula kuti scurvy. Nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, mano amagwedera, miyendo imachita mawanga, mfundo zimapweteka, ndipo zilonda zakale zimene zinapola zimatha kutsekukanso. Onjezanipo kamwazi, matenda a typhus ofalitsidwa ndi nsabwe, ndi zala zoola chifukwa cha kuzizira. Sepetys zimenezi akuzitchula, ndipo pamene Jonas akudwala scurvy n'kuthandizidwa ndi chitini cha tomato, nkhaniyo ili ndi maziko, pakuti matendawa amayamba kubwerera m'masiku ochepa munthu akapeza vitaminiyo. Koma odwala ake ndi aukhondo, amadwala mwaulemu ngati a m'filimu. Kwa Dalia kulibe ulemu wotero. Anthu akulephera kudzuka kuti akadzithandize, amoyo agona pambali pa mitembo chifukwa mphepo ya chipale yatseka khomo, mitembo yaunjikidwa panja ngati nkhuni ndipo nkhandwe zoyera zikuidya. Iye mwini akukoka mitengo ndi chingwe chimene chamudya mapewa mpaka zilonda. Aliyense amene anagwirapo usiku mu wodi yodzaza amadziwa kuti kudwala kuli ndi fungo. Buku la Dalia lili ndi fungo limenelo, la Sepetys lilibe.

Chinanso, Dalia sakometsera anthu ake. Akutionetsa amene akuba chakudya cha anzawo, amene akudzigulitsa kwa mabwana, amene asanduka akapitawo ankhanza pa abale awo. Iyenso akuimbidwa mlandu woba matabwa oti asonkhere moto mayi ake odwala, ndipo pabwalo la milandu akuvomera osagwetsa nkhope. Mkwiyo wa mtsikana ameneyu ndi umene ukuyendetsa buku lonse. Sakupempha kuti timumvere chisoni.

Mabuku onse awiri akutchula Dokotala Samodurov, ndipo ameneyu analikodi. Anafika ku Trofimovsk mu 1943, nalowa m'zisakasa kuona odwala, nalimbana ndi akuluakulu a pamalopo kufikira atatsegula nkhokwe za chakudya. Kwa ife a zachipatala phunziro lili poyera: chimene chinkapha anthu si kuzizira kokha, chakudya chinalipo koma chili chokhomedwa. Mankhwala aakulu amene dokotalayo anabweretsa anali pakamwa pake.

Buku la Dalia nalonso si lophweka kuwerenga. Mayina ndi ambiri, nkhani imadumpha uku ndi uku, ndipo imathera m'malere. Koma tikumbuke kuti analemba munthu wobisala, khutu lili ku chitseko. Kusalongosoka kumeneko ndi mbali ya umboni wake.

Pali chinthu china chimene wowerenga m'Chingerezi sangachione, ndicho chinenero. Dalia analemba m'Chilithuania, ndipo kwa anthu amenewa kubisa pepala la m'chinenero chawo si zachilendo. Chilithuania si Chirasha ndipo si Chipolishi. Mbale wake wapafupi amene adakali moyo ndi Chilatvia chokha, pakuti mbale wina, chinenero chakale cha ku Prussia, anafa cha m'ma 1700. Cha ku Estonia n'cha mtundu wina, chapachibale ndi cha ku Finland. Akatswiri amachilemekeza Chilithuania chifukwa chinasunga maonekedwe akale kwambiri, moti amachiyerekeza ndi Sanskrit ya ku India. Buku loyamba m'chinenerochi ndi katekisimu wa Martynas Mažvydas wa mu 1547. Kuyambira mu 1864 mpaka 1904 boma la mfumu ya ku Russia linaletsa kusindikiza Chilithuania m'zilembo za Chilatini. Anthu anayamba kusindikiza mabuku kutsidya kwa malire, makamaka ku Tilsit, n'kumawalowetsa usiku atawabereka kumsana. Onyamula mabukuwo amatchedwa knygnešiai, ndipo ogwidwa ena ankatumizidwa ku Siberia komweko. Amawakumbukira pa 16 Malichi, tsiku lobadwa la mmodzi wa iwo, Jurgis Bielinis. Choncho Dalia pokwirira botolo lake ankayenda m'njira imene agogo ake anapondamo kale. M'buku la Sepetys mbali imeneyi ndi yofooka. Lina akanatha kukhala mtsikana wa dziko lina lililonse, ndipo maganizo ake amamveka ngati a mwana wa ku America.

Ndisatseke osanena za chimene mabuku onse awiri sakufikapo. Patangopita masiku asanu ndi atatu chichokereni sitima zoyamba, pa 22 Juni 1941, Germany inaukira Soviet Union n'kulowa mu Lithuania. M'zaka zotsatira Ayuda a m'dzikomo pafupifupi onse, oposa 90 pa 100 alionse, anaphedwa, ndipo anthu ena a ku Lithuania komweko anathandiza nawo kupha. Ku Kaunas kwawo kwa Lina ndi Dalia, pamalo otchedwa Ninth Fort, anthu oposa 9,000 anawomberedwa tsiku limodzi, pa 29 Okutobala 1941. Dalia sitingamudzudzule, analemba zimene maso ake anaona ali kutali. Koma amene akupatsa mwana buku la Sepetys amuuzenso mbali iyi, kuti asaganize kuti mbiri ya dziko ili ndi ozunzidwa a mtundu umodzi wokha. Abale athu a ku Joni nkhaniyi ikukukhudzani: Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania, ndipo Joe Slovo anabadwira ku Obeliai mu 1926.

Ndiye tiwerenge liti? Onse awiri, koma motsatana. Sepetys anachita ntchito imene Dalia sakanatha: anatengera nkhaniyi kwa owerenga a m'mayiko ambiri, mpaka inasanduka filimu yotchedwa Ashes in the Snow mu 2018. Umenewu ndiwo mwayi wa mwana wobadwira kunja, amadziwa kulankhula ndi anthu a kumene anakulira. Koma iye anali ndi pokatunga chifukwa eni nkhani anayamba asimba okha, ena analemba, m'chinenero chawo, mosakometsera. Ana athu obadwira ku Leeds, ku Dallas kapena ku Harare tsiku lina adzafuna kulemba za kwathu, ndipo mosakayika adzalemba m'Chingerezi. Zimenezo si zoipa. Funso ndi lakuti adzatunga pati ngati agogo awo apita osasiya kanthu m'mawu awoawo. Yambani ndi Between Shades of Gray pamodzi ndi ana, kenako inu akuluakulu mutenge Shadows on the Tundra, muwerenge pang'onopang'ono, makamaka tsiku limene simukupita ku ntchito ya usiku.