Yesu wa Papepala Sanakwerepo Bwato Lathu

Lowani m'nyumba za Akatolika kuyambira ku Metangula mpaka ku Cóbuè, mudzapeza cithunzi cimodzimodzi pakhoma: Yesu wa khungu loyera, tsitsi lalitali, mtima uli poyera ukuyaka moto. Agogo anga anali naco, coderatu ndi utsi wa koloboyi. Sankadziwa kuwerenga, koma akaciyang'ana pemphero linkabwera lokha. Conco sindikucinyoza. Ndikungofunsa kumene cinacokera ndi cimene cinatibisira.

Kudinda zithunzi zopatulika kunayamba kalekale ku Ulaya. Mu 1563 msonkhano wa mabishopu wa ku Trent unagamula kuti zithunzi zikhalebe m'chalichi ndipo ziziphunzitsa anthu. Amisiri a ku Antwerp ankazokota cithunzi pambale yamkuwa, kupakapo inki, n'kudinda mapepala ambirimbiri. Mu 1593 kunatuluka buku la wansembe Jerónimo Nadal, la zithunzi 153 za moyo wa Yesu. Pacithunzipo ankaika zilembo A, B, C, zolondolera diso poyambira nkhani ndi pothera. Nzeru yake inali yakuya: pepala silemera, silidula, ndipo limafika kumene wansembe safika.

Koma mbale imodzi imabala nkhope imodzi. Yesu amene mmisiri wa ku Ulaya anamuona m'maganizo mwake ndiye anayenda dziko lonse, mpaka mwana wakuno amakula akuyesa kuti kuyera mtima n'kuyera khungu.

Ena sanangolandira. Ajezuiti atafika ndi zithunzi za Maria ku Ethiopia, ojambula akumeneko anatengako kaimidwe kake, koma nkhope ndi mitundu anaika zakwawo. Kutsidya kwa nyanjayi, ku Mua m'Malawi, bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo osema akumeneko amasema Yesu ndi Maria ngati anthu apamudzi.

Nanga ife? Uthenga Wabwino wadzaza asodzi, maukonde ndi namondwe. Ndani amadziwa mantha a Petulo panyanja kuposa amene mwera unam'peza pakati pamadzi usiku? Komabe sindinaonepo pakhoma lathu Petulo akusoka cilimila pamcenga, usipa uli pathandala. Anyamata olemba maina pamaboti dzanja ali nalo, cosowa ndi wowatuma.

Ca agogo cija tisacicotse. Tikhome msomali wina pambali pake.