KODI NYIMBO INGASENZE MALIRO PA KANEMA? Maganizo pa filimu ya Sarafina!

Filimu ya Sarafina! ndinaionera koyamba ndili mnyamata, m'kanyumba ka vidiyo kufupi ndi msika wa Zomba, m'mene tinkakhala mothithikana pa mabenchi, khomo litatchingidwa ndi chiguduli. Pamene ana a sukulu a m'filimumo anamgwira wapolisi Sabela, namthira petulo ndi kumuyatsa, nyumba yonse inaimirira niwomba m'manja, ena akuimba mluzu. Inenso ndinawomba nawo. Chaka chatha ndinaioneranso pamodzi ndi achinyamata a parishi ina kunsi kwa phiri lathuli, ana amene anabadwa tsankho la ku South Africa litatha kale, ndipo titafika pa malo omwewo iwonso anakuwa mokondwa. Kukuwa kumeneku ndiko kwandichititsa kulemba, chifukwa ndikukhulupirira kuti mlandu wake suli pa oonera okha. Gawo lina la mlanduwu lili pa zimene zimachitika sewero la nyimbo likachotsedwa pabwalo ndi kuloŵetsedwa m'kanema.

Tiyambe ndi mbiri yake mwachidule. Mbongeni Ngema analemba seweroli, ndipo nyimbo zake anapeka pamodzi ndi Hugh Masekela. Linaonetsedwa koyamba ku Market Theatre mu mzinda wa Johannesburg mu 1987, ndipo mu Januwale 1988 linafika ku Broadway ku New York, kumene linakhala mpaka pakati pa 1989. Nkhani yake ndi ya ophunzira a pa sukulu ya Morris Isaacson ku Soweto, imodzi mwa sukulu zimene zinatsogolera ulendo wa pa 16 Juni 1976 wokana kuphunzitsidwa m'chinenero cha Afrikaans, tsiku limene apolisi anawombera ana. Seweroli limalumikiza chaka chimenecho ndi zaka za m'ma 1980, pamene asilikali ankayendayenda m'mabwalo a sukulu. Filimu inatuluka mu 1992. Anaitsogolera ndi Darrell Roodt. Leleti Khumalo anakhalabe Sarafina monga pabwalo paja, Whoopi Goldberg anakhala mphunzitsi Mary Masombuka, Miriam Makeba anakhala mai wake wa Sarafina, ndipo Ngema mwini wake anasankha kukhala Sabela, munthu wotenthedwa uja. Ngema anamwalira pa ngozi ya galimoto mu Disembala 2023.

Azungu ena amadabwa kuti nkhani ya ana ophedwa ingakambidwe bwanji ndi nyimbo ndi magule. Ife funso limeneli silitivuta. Tonse tinachezerapo pa siwa, ndipo tikudziŵa kuti nyimbo ya pamaliro si chokometsera. Namfedwa akalira yekha amakomoka, koma amai akayamba nyimbo, chisoni chija chimagaŵidwa pa mapewa ambiri, ndipo usiku umatheka. Mutu umodzi susenza denga. Sewero la Ngema linamangidwa pa nzeru yomweyi. Amene waonapo filimu ya mu 1988 yotchedwa Voices of Sarafina!, imene inajambula anyamata ndi atsikana aja ali ku New York, waona kuti mwini nkhani pabwalo paja ndi gulu lonse. Sarafina ndi mmodzi wa iwo, wotsogolera nyimbo amene ena amamvomera. Mfuti ikalira, ana amagwa. Nyimbo ikayamba, ana omwewo amadzuka ndi kuimba. Oonera amadziŵa kuti palibe wafa pamaso pawo, komanso amadziŵa kuti oimbawo achokera kumene ana amafadi, ndipo kuti adzabwerera komweko. Zinthu ziŵirizi zimakhala pamodzi mumtima wa woonera, ndipo nyimbo ndiyo imazimanga.

Kamera ilibe ulemu wotere. Chimene yajambula imachipereka ngati chochitikadi: fumbi la ku Soweto, magalimoto a asilikali, magazi pa yunifolomu, waya wa magetsi pa thupi la mwana m'ndende. Mwana akagwa m'filimu sadzukanso kuti aimbe. Tsono diso likazoloŵera kuti izi ndizo zoona, nyimbo ikabwera imaoneka ngati mlendo wosaitanidwa. Opanga filimuyi anazindikira vutoli, ndipo njira imene anatenga ndiyo yosandutsa nyimbo zazikulu kukhala maloto. Kumayambiriro Sarafina amaimba akulota ali katswiri wa mafilimu. Kumapeto gule wamkulu wa ufulu uja, Sarafina atavala ngati Mandela, amavinidwa m'maganizo mwake, sukulu itasanduka bwinja. Zotsatira zake nzakuti chikwapu ndi moto zakhala zenizeni, pamene chiyembekezo chakhala loto la mtsikana mmodzi. Pabwalo paja chiyembekezocho chinali ndi miyendo ndi thukuta, ndipo chinkagwedeza pansi.

Amene munadutsa m'kalasi la filosofi mukukumbukira kuti Aristotle, m'buku lake la Poetics, anaika zooneka ndi maso pamapeto pa zigawo zonse za sewero la chisoni. Iye ankati mantha ndi chifundo ziyenera kubadwa m'kayalidwe ka nkhani, kotero kuti ngakhale wongomva nkhaniyo osaona kanthu anjenjemere. Horace naye analangiza alembi kuti Medea asaphere ana ake pamaso pa anthu. Akuluakuluŵa sanali amantha. Anadziŵa kuti diso likakhuta, mtima umaleka kugwira ntchito. Ndimaganiza za ichi ndikakwera phiri ndi alendo kukaona dzenje la Chingwe. Pakamwa pake mpochepa, pobisika m'mitengo, ndipo alendo ena amakhumudwa poyamba. Koma akamva zimene makolo amasimba, kuti anthu ankaponyedwa m'menemo, amakhala chete ndi kubwerera m'mbuyo pang'ono. Chowaopsa nchakuti pansi pake sipaoneka. Wina atatsitsamo nyali ndi kamera, tikhoza kuonamo miyala ndi zinyalala, ndipo kukhala chete kuja kungathe.

Vutoli si la Roodt yekha. Bob Fosse, popanga filimu ya Cabaret mu 1972, anatsekera pafupifupi nyimbo zonse m'nyumba ya zisangalalo ya ku Berlin, kuti woonera asafunse chifukwa chimene munthu akuimbira, ndipo mdima wa chipani cha Nazi unaloŵa pang'onopang'ono kudzera m'nkhope za omvera. Tim Burton mu 2007, potenga Sweeney Todd wa Stephen Sondheim, nkhani ya wometa wodula anthu pakhosi, anachotsa kwaya imene pabwalo imasimba nkhaniyo ndi kuiŵeruza, napaka dziko lonse utoto wa maloto oipa kuti nyimbo ndi magazi zikhale za mtundu umodzi. Aliyense wa aŵiriŵa anasankha njira imodzi nataya zina. Roodt anafuna zonse: umboni wa nkhanza za tsankho wonga wa mtolankhani, ndi chisangalalo cha sewero la nyimbo. Mapanga aŵiri avumbwitsa. Pali malo amodzi okha pamene nyimbo ndi kamera zimamvana kwathunthu, ndipo ndi pamene anthu amaimbadi m'moyo: pemphero la Atate Athu pa msonkhano wa m'maŵa ku sukulu, ndi nyimbo za kumanda poika ana ophedwa. Pamenepo filimuyi imaima chilili.

Palinso nkhani ya nthaŵi, imene ife a ku Zomba tiyenera kuimva msanga. Mu 1987 Mandela anali m'ndende, ndipo kuimba poyera kuti ufulu uli pafupi kunali kuika khosi pa mpeni. M'chaka chomwecho, mu Seputembala, Jack Mapanje anagwidwa muno m'tauni natengeredwa ku Mikuyu, kumene anakhala mpaka 1991. Masiku amenewo kuno kwathu sewero lililonse linkayamba ladutsa ku bungwe lopima mabuku ndi masewero, ndipo ophunzira a ku Chancellor College anaphunzira kubisa mau m'nthano ndi m'nyimbo. Oonera ankadziŵa kuti woimbayo akhoza kukagona kwina usiku womwewo. Kulimba mtima kotere sikujambulika, chifukwa kumakhala pakati pa woimba ndi womvera pa ola limenelo. Filimu inajambulidwa Mandela atatuluka kale pa 11 Febuluwale 1990. Chimene chinali ulosi chinasanduka chikumbutso. Komabe ndivomere kuti kwa ife chinafika chikadali chotentha. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Lenti ya maepiskopi athu inaŵerengedwa m'matchalitchi onse, ndipo patangopita masiku ochepa ophunzira a pa Chancellor College anayenda m'miseu ya Zomba akuimba, kuikira kumbuyo abusa awo, koleji nitsekedwa. Pamene matepi a Sarafina! anayamba kuzungulira m'tinyumba ta vidiyo, tinkaonamo akulu athu.

Ndisakhale wosayamika. Pali chinthu chimodzi chimene kanema amachita ndipo bwalo silingathe, ndicho kuyandikira nkhope. Pabwalo munthu wokhala kumbuyo amaona gulu; m'filimu amaona maso a Leleti Khumalo m'chipinda cha ndende, ndipo amaona kuti mtsikanayu akuzunzika ndi zinthu ziŵiri, zimene amchita ndi zimene iye wachita. Apa filimuyi inapeza nkhani imene kwaya singaiimbe, nkhani ya chikumbumtima cha munthu mmodzi. Gawo labwino koposa lilibe gule. Sarafina, atatuluka m'ndende, amapita kwa mai ake amene amagwira ntchito m'nyumba ya azungu, mai amene iye ankawanyoza kuti ndi ogonja, ndipo m'kachipinda ka kuseri amaulula kuti anapha munthu. Makeba, amene anakhala zaka 30 kunja osaloledwa kubwerera kwao, amamvetsera osalalikira. Wansembe aliyense amene anakhalapo m'kanyumba kolapitsira adzazindikira kukhala chete kumeneko. Za Whoopi Goldberg sindinena zambiri. Anabwera ndi dzina limene linathandiza kuti filimu igulidwe kunja, ndipo amaseŵera mwaulemu, koma amaoneka ngati mlendo wolemekezeka pakati pa eni maliro. Imfa ya mphunzitsiyo m'manja mwa apolisi sitiiona, timangoimva, ndipo nchifukwa chake imaŵaŵa koposa zambiri zimene tinaonetsedwa.

Tibwerere tsono kwa Sabela. Sindikukayika kuti opanga filimuyi anafuna kuti tinyansidwe ndi kutenthedwa kwake. Nkhani yonse yotsatira ikutsimikiza zimenezi, mpaka pamene Sarafina amataya mfuti imene mphunzitsi wake anabisa. Nanga bwanji ife tinawomba m'manja? Agustino Woyera, m'buku lachisanu ndi chimodzi la Confessiones, akusimba za bwenzi lake Alypius, amene anzake anamkokera ku bwalo la ku Roma kumene anthu ankaphana. Iye anatsinzina, atatsimikiza kuti thupi lake lokha ndilo lidzakhalepo. Khamu litakuwa anatsegula maso, ndipo atangoona magazi anasanduka mmodzi wa khamulo. Agustino anaona kuti chifuniro chabwino sichiteteza munthu ku zimene diso lamwa. Filimu yatikonzekeretsa kwa ola lathunthu kudana ndi Sabela, yationetsa mitembo ya ana, kenaka yatipatsa moto wooneka bwino, wojambulidwa mwaluso. Kulapa kwa Sarafina kumabwera pambuyo pake, mwakachetechete, anyamata ena atatuluka kale kukagula chinangwa.

Izi sizikanandivuta chikhala kuti moto wotere umayaka m'mafilimu mokha. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kum'mwera kuno, anthu angapo anaphedwa ndi makamu, wina mochita kutenthedwa mu mzinda wa Blantyre. Wakuba akagwidwa pamsika, mau oyamba kumveka ndi akuti abweretse petulo, ndipo pamakhala ena ojambula ndi mafoni. Ambiri mwa anthu a m'makamu ameneŵa ndi akhristu athu, ndipo Lamulungu lotsatira amakhala pa benchi. Inu abale anga amene mukukonzekera unsembe mudzakumana nawo, ndiponso mudzapemphedwa kuyang'anira masewero a Njira ya Mtanda pa Lachisanu Loyera, amene masiku ano achinyamata amawajambula ndi kuwatumiza pa WhatsApp. Mudzaone kusiyana kwake. Pamseu, pamene mpingo wonse ukuyenda ndi kuimba, zikwapu za asilikali zimakhala mkati mwa pemphero. Pa foni nyimbo ija imamveka patali ngati phokoso, ndipo chimatsala ndi mnyamata wodziŵika akukwapulidwa, anzake akuseka.

Usiku uja ku parishi, kukuwa kutayamba, ndinaimitsa kanema. Ndinawakumbutsa achinyamatawo kuti ana ophedwa aja filimu inawaimbira kumanda, koma Sabela sinamuimbire, ngakhale kuti naye anali ndi kwao. Ndinafunsa ngati alipo amene angatsogolere nyimbo ya maliro ake. Anayang'anana, ena akumwetulira poganiza kuti abambo akuseleula. Patapita nthaŵi mtsikana wina wa kwaya anayamba nyimbo imene timaimba potulutsa bokosi m'tchalitchi, ndi mau otsika. Anamvomera anthu atatu. Mnyamata wina kumbuyo anati: "Bambo mfumu, ameneyu anali wapolisi wa azungu." Ndinamuyankha kuti inde anali, ndipo tinadikira kuti nyimbo ithe tisanayatsenso kanema.